Nkhope Imene Inatsala pa Kompyuta

Panali munthu wina woyang'anira laibulale ya pasukulu. Ana ankamutcha Bambo Chete, chifukwa akakuwa kuti "Chete!" ngakhale njenjete za m'mabuku zinkasiya kutafuna. Laibulale yakeyo inali yaitali moti mwana wopita ku shelefu yomaliza ankabwerako atamera ndevu. Musaseke, nkhaniyi ndi yoona.

Tchuthi chachikulu chitayandikira, ahedi anamuitana.

"Akuluakulu alamula kuti nonse a m'malaibulale muphunzire pa intaneti mmene mungathandizire ana kupeza mabuku pa kompyuta. Kamera izikhala yoyatsa, aphunzitsi azikuonani. Wosaoneka, ntchito yatha."

Bambo Chete zinawanyansa. Iwo tchuthi ankachifunira tulo ndi macheza a ku bala. Ali m'njira akung'ung'udza, anaitanidwa ndi wokonza mafoni wina wachilendo, wa magalasi akuda bii.

"Zazing'ono izo, achimwene. Ndikujambulani kakanema mukugwedeza mutu. Kazingobwerezabwereza pa kamerapo, inu muli phee kwanu."

"Nanga ndikulipirani chiyani?"

"Musavutike. Nkhope yanuyo yakwana."

Mkazi wawo atamva anawomba m'manja. "Bambo a ana, nkhope sasiya ngati jekete pampando. Pitani mukaphunzire nokha."

"Iwe, ine mabuku ndinayamba kunyamula usanamere mano. Kompyuta indiuze chiyani?"

Anakaika kakanemako pa kompyuta ya m'laibulale, n'kukhoma chitseko, ulendo ku bala.

Tchuthi chili pakati, anakumana pamsika ndi mayi woyang'anira laibulale ya sukulu ina, mnzawo wa m'maphunziro omwewo.

"Koma dzulo munatigometsa! Funso lija linatikanika tonse, inu kuliyankha ngati mukumwa madzi."

"Ine?"

"Inu amene. Mpaka munatiseketsa."

Kakanema kaja kanalibe mawu. Bambo Chete ankadziwa zimenezo. Koma anangoti, "Ndimo mmene tilili ife," n'kubwerera kumowa.

Tsiku lotsegulira sukulu anapeza chitseko chili pululu, makiyi ali m'thumba mwawo. Ana anali pamzere kutsogolo kwa kompyuta. Pagalasi pake panali nkhope yawo, yometa bwino, ikumwetulira.

"Lemba dzina la buku apa, mwanawe. Dina apo. Waona? Shelefu yachitatu, pansi."

"Zikomo, Bambo Chete!"

Mwini nkhope anakoka mpweya wonse n'kukuwa, "Chete!" Palibe anatembenuka, ngakhale ntchentche ya pazenera. Ahedi analowa, n'kuwadutsa ngati akudutsa utsi, n'kuimika setifiketi pambali pa kompyuta.

"Mwatinyaditsa, bambo. Mwaposa onse."

"Ndili pano, bwana! Ndine ndine!" anatero Bambo Chete akuwakoka malaya. Ahedi anangodzisasa paphewa, n'kuti, "Muno mukuzizira bwanji?"

Anathamangira kunyumba. Anapeza mkazi wawo atakhala pampando, foni ili m'manja, akucheza ndi nkhope ija pagalasi pake, akuseka mmene sanasekerepo chikwatirane.

"Bambo a ana, maphunzirowa akusinthani. Masiku ano mpaka kundifunsa mmene ndaswerera?"

Anamugwira dzanja, mayiyo n'kungokanda ngati palumidwa ndi udzudzu. Bambo Chete anayang'ana pakalilole wa kukhoma. Kolala ya malaya inalipo. Pamwamba pake panali khoma lokhalokha.

Pamenepo nkhope ya pafoni ija inasiya kuyang'ana mkaziyo. Inatembenuza maso pang'onopang'ono mpaka inawapeza pamene anaima. Inaika chala pamlomo.

"Chete."

Mpaka lero ana a pasukulupo amati masanasana buku limagwa lokha ku shelefu yomaliza, ndipo amamva ngati munthu akuvutika kutulutsa mawu. Wokonza mafoni uja sanaonekenso.

Phunziro: Akakutumani kukaphunzira, pitani ndi thupi lanu lomwe, musatumeko chithunzi. Pamalo pamene mwasiya dala, china chidzakhalapo, ndipo sichidzakusunthirani. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Tumizirani anzanu onse amene amayatsa kamera n'kukagona, nkhope akadali nazo.