Sipeya wa Galimoto ya Mkaka

Enelesi anakhala pabenchi pakhomo pa a Efulemu ku Mitundu, chikwama chili pamiyendo, akudikira kuti eni nyumba abwere kuchokera kudimba. Akazi awo anamupatsa madzi akumwa n'kubwerera kukatong'ola chimanga, osafunsa chimene wadzera. Kusafunsako kunamupweteka kuposa mwano.

Enelesi anali mlembi wa gulu la alimi a ng'ombe zamkaka ku Nathenje. Chaka chathachi gululo linagwirizana zogula pikapu yatsopano yonyamulira mkaka, ndipo ntchito yodzaza fomu ya oda inagwera iye. Kampani yogulitsa galimoto inatumiza fomuyo pafoni, m'Chingerezi chokhachokha. Zambiri zinali zosavuta. Koma atafika pa tayala la sipeya anapeza timabokosi titatu: lalikulu lofanana ndi anzake anayi, lalikulu la limu yachitsulo wamba, ndi lachitatu limene mawu ake sanawamvetse. Anachita manyazi kufunsa. Mlembi wa gulu, munthu wa Fomu 4, n'kumafunsa za tayala? Anachonga lachitatulo, poganiza kuti chimene achiika kumapeto ndicho chopambana.

A Efulemu, dalaivala wa gululo, ndiwo anapita okha kutauni kukatenga galimotoyo. Itafika amayi anaivinira, abusa anaipempherera. Sipeya anali kunsi, womangidwa ndi tcheni, ndipo palibe amene anawerama kuti amuone.

Mu Febuluwale, mvula ili pakati, tayala lakumbuyo linaphulika pamsewu wochokera kumidzi, galimoto itadzaza zigubu. Atatsitsa sipeya, anthu amene anabwera kudzathandiza anayang'anana. Kanali katayala kowonda, ngati ka njinga yamoto. Anakamangabe. Kanayenda pang'ono, kanatitimira m'matope, nakonso n'kuphulika. Pofika masana mkaka wa mabanja makumi asanu unali utasasa, ndipo anaukhuthulira m'ngalande.

Tsiku la msonkhano wa gulu wokambirana nkhaniyi lisanafike, Enelesi anaonetsa fomu ija kwa mphunzitsi woyandikana naye nyumba.

"Ili ndi tayala laling'ono," anatero mphunzitsiyo, "longokuthandizani kuti mukafike pokonzetsa. Silonyamulira katundu."

Choncho pamene atcheyamani anaimirira n'kunena kuti galimoto yatsopano singabwere ndi katayala kotere, kuti a Efulemu anagulitsa lenileni, Enelesi ankadziwa kale. A Efulemu sanadziteteze. Anangozyolika, chipewa chili m'manja. Enelesi anakweza mutu kawiri kuti alankhule, koma ataona nkhope za amayi amene mkaka wawo unatayika, mawu anamuthera. Ndi dzanja lake lomwe analemba m'buku la misonkhano kuti dalaivala wachotsedwa ntchito chifukwa cha kuba.

Panatha miyezi inayi. Buku lija ankalitsegula modumpha tsamba limenelo. Kenaka anamva kuti kumpingo a Efulemu awaimitsa pa udikoni, ndipo pamsika wa Mitundu anthu sawatchulanso dzina, amangoti a Sipeya. M'mawa mwake anakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Mitundu.

A Efulemu anatulukira khasu lili paphewa. Anali atawonda, malaya akuwalendewera. Ataona mlendoyo anaima kaye, kenaka anatsamiritsa khasu kukhoma.

"Alembi, mwatiyendera? Kwagwanji ku Nathenje?"

Enelesi anatsika pabenchi n'kukhala pansi. Anafotokoza zonse, kuyambira timabokosi titatu tija mpaka mawu a mphunzitsi, osawayang'ana kumaso. Akazi awo anasiya kutong'ola.

"Katayala kaja ndinaitanitsa ndine, bambo. Ndinkadziwa tsiku la msonkhano lija, koma ndinakhala chete. Loweruka ndikaima pamaso pa gulu lonse ndikanene. Akafuna andichotse, koma inu mubwerere pa ntchito yanu."

A Efulemu anakhala pa njerwa, akupukuta dothi m'zala.

"Musakanene, alembi."

"Ndikanena. Mwanyozeka mokwanira chifukwa cha ine."

"Muli ndi ana. Anthu aja sadzakukhulupiriraninso."

Kukoma mtima kumeneku ndiko kunamutulutsa misozi. Munthu amene anamuipitsira dzina ankaderabe nkhawa ana ake. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, nati ngakhale amukanize bwanji, Loweruka akanena, ndipo akapitanso kwa abusa.

A Efulemu anayang'ana akazi awo. Mayiwo anatola chitsononkho n'kumachitembenuza m'manja.

"Tabwerani kuno," anatero bambowo, mawu ali pansi.

Enelesi anawatsatira kuseri kwa nyumba. Pafupi ndi khola panali ngolo. Tayala lake lina linali lakutha, mawaya akuonekera. Linalo linali lalikulu, lakuda bii, mizere yake ikadali yozama.

"Tsiku lokatenga galimoto, bwana wa kukampani anaona fomu yanu n'kupukusa mutu," anatero a Efulemu. "Anati katayala kameneko sikangathe misewu ya kwathu kuno, ndiye anandiikira lalikulu. Ndi ili. Kowonda kaja ndinakagula ndekha pamsika."