Viniga wa Mzime

Amayi atatha kudya, mwana wawo wachisamba anawabaya pachala monga mwa masiku onse. Kamakina kanaonetsa kuti lero shuga sanakwere kwambiri.

"Waona?" anatero amayi, akusisita botolo la viniga limene mzime wawo anabwera nalo dzulo. "Kasupuni kamodzi m'madzi ndisanadye, basi. Mzime wangayu ndi dokotala wangatu!"

Mzimeyo anamwetulira, maso ali pafoni.

Wachisamba anayang'ana kukabati. Chaka chatha iye ananena zomwezi, amayi n'kumukalipira kuti, "Ukufuna undiwotche m'mimba?" Botolo limene anawagulira nthawi imeneyo likadali m'kabati, losatsegula.

"Iwe, magazi akudonthatu," anatero amayi osamuyang'ana n'komwe.

Wachisamba anakankhira thonje kwa mng'ono wake, amene ankaopa magazi.

"Akupukuteni adokotala anuwo."