Maluwa a Jebera Okafunsira Golnar

Panali mnyamata wina kwathu kuno ku Mahallat, dzina lake Keyvan, ndipo amene anandiuza nkhaniyi akuti anaiona ndi maso awo. Keyvan anali munthu wolota ali maso. Bambo ake anamusiyira shedi yolimiramo maluwa a jebera, koma ntchito yambiri ankagwira ndi mlongo wake Pouran. Mwiniwakeyo ankangoyenda m'mizere, manja kumbuyo, kucheza ndi maluwa. Ofiira ankawauza za Golnar, mwana wa a Nosrat, alimi anzawo a kutsidya kwa msewu. Achikasu ankawauza za nyumba imene adzamange, ya khonde loyang'ana kumapiri, Golnar atakhala pakhondepo akusenda makangaza.

A Nosrat atamva kuti akwawo kwa Keyvan akubwera kudzafunsira mwana wawo, anatumiza mawu: "Asagule maluwa kumsika. Abwere ndi olima yekha, ndione manja ake."

Eee, Keyvan anasangalala ngati ukwati wachitika kale! Tsiku lidakali patali, anathyola maluwa onse abwino m'shedimo, n'kuwaika m'ndowa yosatsuka, n'kudzaza madzi mpaka pakamwa.

"Achimwene, mukufuna kuwamiza?" anatero Pouran. "Phesi la jebera ndi lofewa, limavunda m'madzi ambiri. Madzi akhale pansi pokha, oyera, muziwasintha. Komanso mwathyoleranji lero?"

"Iwe Pouran, maluwa a Golnar ndiwamane madzi? Amwe mpaka akhute!"

"Chabwino, a mkwati. Zilotani."

Analotadi. Ankakhala pambali pa ndowayo, n'kumaona maluwa akusanduka alendo a paukwati, ofiira akuvina, oyera akumuwerama. Madzi sanawasinthe olo kamodzi.

M'mawa wa tsiku lachifunsiro, anapeza maluwa onse atazolika mitu, mapesi ali lendelende, madzi akununkha.

"M'shedimo mwatsala ang'onoang'ono," anatero Pouran. "Tengani omwewo, mukanene zoona. A Nosrat ndi mlimi, akamva."

Koma timaluwa tating'ono si zimene Keyvan analota. Anatenga waya wopyapyala, n'kumabaya duwa lililonse pansi pa mutu, kulowetsa m'phesi mpaka pansi. Kenako anakulunga mapesiwo ndi pepala lobiriwira. Maluwa anaimirira njo!

"Ine ndilibemo," anatero Pouran.

Madzulo ake Keyvan anapita ndi amayi ake ndi amalume ake, bokosi la maswiti kumanja, maluwa kutsogolo. A Nosrat anayang'ana maluwawo n'kugwedeza mutu. "Maluwa amphamvu awa, mwanawe. Bambo ako akanakondwa."

Golnar analowa ndi tiyi monga mwa mwambo. Kwa Keyvan zinkaoneka ngati mtsikanayo sakuponda pansi. Zimene akuluakulu ankakambirana sanamvepo kanthu, iye anali kale pakhonde lake loyang'ana kumapiri.

"Golnar, ika maluwawa m'botolo, alendo awaone bwino," anatero amayi ake a mtsikanayo.

Golnar anamasula pepala pamaso pa onse, akumwetulira.

"Mayo!"

Magazi anatuluka pachala cha Golnar. Phesi lovunda linaphwanyika m'manja mwake, waya n'kutsala poyera.

"A Keyvan, mwachitiranji zimenezi?" anafunsa Golnar.

"Ndimafuna aoneke bwino kwa inu."

"Inetu ndinakulira m'maluwa, ndimadziwa kuti amafota. Mukanabwera nawo ozolika, ndikanakusekani, n'kukuthirirani tiyi wina. Nanga ine, tsiku limene ndidzafooke m'nyumba mwanu, mudzandibaya ndi chiyani kuti ndioneke bwino kwa alendo?"

Amalume a Keyvan anatsokomola, n'kuyamba kufunafuna nsapato.

M'mawa mwake amayi a Golnar anaimbira foni amayi a Keyvan. "Pepani mayi, mwana wathu akufuna kupitiriza sukulu." Kwathu kuno palibe amene sadziwa kuti mawu amenewo ndi kukana ukwati, ndipo Golnar anali atamaliza sukulu kalekale.

Abale inu, chimene chimandipweteka ine ndi ichi. Patapita nthawi Golnar anakumana ndi Pouran kumsika, n'kumuuza akulira kuti nsalu ya diresi la ukwati anali atagula kale, Keyvan asanabwere n'komwe kudzafunsira.

Phunziro: Odziwa akakuchenjeza, tsika kumaloto umve. Ndipo ukalakwitsa, pita nacho cholakwa chako poyera, chifukwa wokukonda angakhululukire duwa lofota koma osati lonamizira. Musaisunge nokha nkhaniyi, atumizireni achinyamata onse amene akukonzekera kukafunsira.