Wailesi ya mu Lole ya Kabichi

Tinanyamuka pa Lizulu mdima utangoyamba, lole itadzaza kabichi, amuna anga a Chrispine ali pachiwongolero. Wailesi inkangong'ung'udza ngati munthu wofunda bulangete kumutu.

"Isiyeni, mayi a Thandi," iwo anatero. "Amakaniko awiri anailephera imeneyo."

Ine sindikonda kuuzidwa kuti chinthu sichingatheke. Kutchalitchi kwathu zokuzira mawu za kwaya ndimakonza ndine. Pa wailesipo ndinatsitsa besi, mawu amanzenene aja, mpaka pansi, n'kumakweza tirebo, mawu aang'ono aja, pang'onopang'ono. Mawu aja anayamba kumveka bwinobwino, mawu a bambo wachikulire.

"Mwamva?" ndinaseka, ndikuwagwira paphewa. "Amakaniko anuwo abwere ndidzawaphunzitse."

"Imani, Lufina," inatero wailesi. "Imani pomwepa."

Lufina ndi dzina langa.

A Chrispine anaponda mabuleki. Tinali pakona ya mtsetse wa ku Biriwiri, m'kati mwa chifunga. Kutsogolo kwathu, mapazi khumi okha, thiraki yakufa inali itapingasa msewu, yopanda nyali, ngakhale nthambi zochenjeza sanaike.

"Ndikanakumverani, bwenzi pano tili pansi pa thirakiyo," ndinawauza. "Nenani kuti zikomo."

Iwo anazimitsa injini, n'kuzula kiyi. Kanyali ka wailesi kanathima, koma mawu aja sanasiye.

"Mwachita bwino, mwana wanga. Ndakhala ndikukuwa zaka zitatu. Eni ake oyamba a loleyi sanandimve. Kwezaninso pang'ono, pali zina zoti ndikuuzeni."

A Chrispine anandigwira dzanja kuti ndisayerekeze. Ndinalichotsa, n'kukweza.