Nkhope ya Pamalaya

Prisca ankagawa malaya pakhonde, dzuwa la ku Golomoti litayamba kale kuwotcha. Pachifuwa pa malaya aliwonse panali nkhope ya bambo ake, a Kaliati, amene adatengedwa ndi anyamata a chipani iye ali m'mimba. Sadabwerenso. Tsikuli kunali Misa yowakumbukira.

Chithunzi chawo chinali chimodzi chokha, ndipo chidanyowa ndi madzi osefukira, nkhope n'kufufutika. Macdonald, wojambula wa ku Mtakataka, adati zimenezo n'zazing'ono. Adachilowetsa mu pulogalamu ya AI pamodzi ndi zithunzi zina zakale za pabanjapo. Pakompyuta padatuluka mwamuna wa maso akuthwa, akumwetulira chapansipansi.

Prisca adalira pomwepo. Mayi wamkulu, wa ana ndi zidzukulu, n'kuyamba kumene kuona bambo ake! Adatumiza chithunzicho pa gulu la WhatsApp la abale. Adachipereka ngakhale kwa mtolankhani wina amene ankalemba za anthu osowa m'zaka zimenezo, ndipo chidatuluka m'nyuzipepala.

Amayi ake okha, a Fagness, ndiwo adawabisira. Ankafuna ikhale mphatso ya tsikulo.

Atawatulutsa m'nyumba, abale onse adaimirira pabwalo atavala malaya aja. A Fagness adaima pakhomo. Adayang'ana pachifuwa pa uyu, pa uyo, mpaka pa kamdzukulu. Ndodo idawapulumuka. Adakhala pansi pafumbi.

"Asiyeni alire," adatero mlamu wina wa Prisca. "Chikondi sichikalamba."

Azimayi adayambitsa nyimbo motsitsa mawu. Prisca adagwada pambali pa amayi ake, mtima uli m'malo kuti wachita chinthu chachikulu.

"Amayi, ababa abwerera kwawo lero. Taonani mmene analili."

A Fagness adayang'ana kumbali.

"Vula."

"Amayi?"

"Ndati vula, mwanawe. Wakupatsa ndani nkhope imeneyi?"

"Ndi makina, amayi. Angokonza chithunzi chija. Dziko lonse lawaona ababa m'nyuzi."

Nyimbo idaduka. A Fagness adagwira malaya a Prisca, n'kuwakokera kutali ndi thupi lake ngati ali ndi moto.

"Awa si bambo ako. Uyu ndi Wilfred, mng'ono wawo. Ndiye adatsogolera anyamata aja kudzawatenga pakhomo pano."