Penate ya Vitus

Dzuwa linali kuswa mtengo ku Kamwendo pamene woyimbira anapereka penate yomaliza. Timu ya hendibo ya Zakeyu, imene inapatsidwa penateyo, inali kumbuyo ndi chigoli chimodzi. Zakeyu anasewerapo hendibo, mpira woponyera m'golo ndi manja, zaka zambiri ku Ulaya. Komabe komiti inali itamuuza kuti akagonja kwa anyamata a ku Chipata, ukochi watha.

Vitus, kaputeni wake, anakoka mkono n'kuponya mwamphamvu. Goloboyi anadzigwetsera kumanzere. Mpira unatsala m'dzanja la Vitus. Anaukutumula ngati walumidwa ndi nkhanu, koma sunachoke, mpaka wezulo inalira.

"Wapaka chiyani iwe?" anafunsa Zakeyu.

"Si paja mumati ku Ulaya munkapaka zomata m'zala, akochi? Ine ndinapeza ulimbo weniweni kwa amalume ku Dambe. Ndimausungira penate."

Wapampando wa komiti anafika akudzikupiza ndi chipewa. "Achimwene, luso la ku Ulaya taliona. Mutisiyire mipira."

"Winawo mukauchotse nokha kwa Vitus," anatero Zakeyu.

Anatola chitini cha Vitus cha ulimbo wotsalawo n'kupita kukatchera mbalame kudimba kwake.