Liwu Limodzi la Sisitere

A Daka anakweza foni m'mwamba kuti aliyense aone. Kwaya yawo, ya pa tchalitchi chaching'ono kufupi ndi Minga, inali itasankhidwa kukaimba ku Chipata. Sisitere wosankha makwaya, atamvera nyimbo imene anamutumizira pafoni, anayankha ndi liwu limodzi lokha: "Ethereal."

Panalibe wolidziwa liwulo. Mwamwayi a Daka, mphunzitsi wa kwayayo, anaphunzitsapo Chingerezi kupulayimale, ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezo.

"Ici ni Cizungu cozama," anatero, akuyendayenda kutsogolo kwa mabenchi. "Simungakambe liu ili pa mbuzi olo pa njinga. Likambiwa pa cinthu copepuka, cauzimu, cimene si ca pansi pano. Monga angelo. Monga kwaya yanga."

Kenako anatembenukira kwa amai Perpetua Sakala, amene anakhala kumapeto kwa benchi. Kwa miyezi itatu a Daka anawalamula kuti azingogwedeza milomo osatulutsa mawu, ati chifukwa amakweza nyimbo mwachimudzi, ngati ali pamaliro.

"Mwaona, amai? Inu kukhala cete, kumwamba kwatseguka. Manje malo mu basi ni ocepa. Mudzatipemphelela muli kunyumba."

Amai Sakala anali atasoketsa kale yunifolomu ya ulendowo. Anayang'ana pansi. Enawo anaseka pang'ono, kaseko ka anthu odziwa kuti mpando wawo m'basi ulipo.

A Daka sanakhutire. Chigonjetso chopanda mboni sichikoma.

"A Eddie," a Daka anaitana mlembi wa kwaya, "lizani nyimbo imene munatuma. Amai amveko zimene tinacita popanda iwo."

A Eddie anafufuza mufoni yawo, nakweza voliyumu mpaka pamapeto. Munatuluka mawu a munthu mmodzi yekha, mkazi, okwera pang'onopang'ono mpaka tsitsi kuima. Pansi pa mawuwo pankamveka tsache likukwecha simenti.

A Eddie anayang'ananso foni, thukuta lili pamphuno.

"Bambo, n'natuma yolakwika. Iyi n'najambula poyesa cabe foni, mukalibe kubwela. Amai Sakala anali kupyanga muno."

Kwaya ya a Daka, sisitere uja sanaimvepo ndi kamodzi komwe.